Feteleza pa Chitsamba cha Aanti

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anadzanditenga ku Kasungu kuti ndizikakhala nawo kudziko lina, kudera lotchedwa Karen, limodzi ndi mkazi wawo watsopano. Ndinkawatchula kuti aanti. Sankandikalipira, komanso sankandinyengerera, ndiye ine ndinangoti basi, munthuyu sandifuna, tsiku lina andibweza kumudzi.

Kuseri kwa nyumba kunali chitsamba chawo cha puroteya, cha masamba olimba otuwa. Ankati kwawo kwa chomeracho ndi m'mbali mwa nyanja ku Kepu, kutali kummwera, kumene iwo anaphunzira. Dothi lofiira la ku Karen analichotsa n'kuthiramo mchenga. Chinali chitatha zaka zitatu osachita maluwa, ndipo chaka chimenecho chinali chitangotulutsa timitu ta maluwa tisanu ndi tiwiri.

Ine mwana wa alimi ndinachiona kuti chili ndi njala. Mbewu pamchenga, popanda manyowa? Ndinati apa mpamene ndidzionetsere. Tsiku lina iwo ali kuntchito, ndinatapa feteleza wa ndiwo zamasamba za sukuma m'sitolo ya panyumba, n'kuboola maenje ndi kamtengo monga tinkachitira ndi chimanga. Phando la chimanga limalandira kachitsekerero kamodzi ka botolo. Ine ndinathira tisanu, n'kuthirira bwinobwino.

Patapita masabata awiri, nsonga za masamba zinayamba kuda ngati zawauka. Timitu tija tinauma tisanatseguke. Patatha masiku atatu ndinakaulula ndekha.

Aanti sanakweze mawu. Anatenga khasu, nazula chitsambacho, n'kundiitana.

"Bwera uone kuno. Ukuiona mizu iyi?"

Inali timagulu ta mizu yosalala, tothithikana ngati burashi yotsukira mano, koma itabvunda.

"Kwawo nthaka ndi yosauka, ndiye mizu imeneyi imayamwa kalikonse komwe yapeza. Sidziwa kukana. Ukaipatsa zambiri nthawi imodzi, imapsa."

"Mundibweza ku Kasungu?" ndinafunsa.

"Iwe, chifukwa cha chitsamba? Katenge wilibala."

Loweruka lotsatira tinakagula china kwa ogulitsa mbande m'mbali mwa msewu wa Ngong, ndipo anandipatsa ine kuti ndizichisamala: madzi pang'ono, feteleza ayi. Chinachita maluwa ndili Fomu 2, achikasu, onga mpira wobayidwa singano zambirimbiri.

Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndimaganiza za mtsikana uja, ine ndemwe, amene anafika ku Karen patangotha chaka chimodzi ataika mayi ake m'manda. Aanti akanandithira chikondi cha tizitsekerero tisanu tsiku lomwe ndinafika, ndikanathawa, ndikudzidziwa. Anandipatsa pang'onopang'ono, mmene ndikanathera kulandira. Chaka chimene chitsamba chachiwiri chinachita maluwa ndi chimene ndinayamba kuwaitana kuti amayi, popanda wondiuza.