Kapulana ya Mariya Inawoloka Ruo

A Guilhermina a kwa Majaua anaikidwa m'manda atavala nsalu wamba yamaluwa, yogula pamsika. Atsikana a masiku ano, amene nkhondo amangoimva m'makutu, anayamba kunong'onezana pamaliro pomwepo kuti mayi wokalambira m'kapela angapite bwanji wopanda kapulana, nsalu ya bungwe. Pakamwa pawo mpoyabwa, ana amenewa. Kapulanayo inalipo, ndipo kumene inapita kukudziwika.

Mayi amenewa anabadwira kufupi ndi mtsinje wa Ruo. Ali mtsikana anapita ku Vila kukathyola tiyi, nkubwerako ndi msana wowawa komanso mwamuna, a Abílio, munthu wabwino mtima koma wokonda mthunzi. Ana anabereka, ena anakula, ena Mulungu anatenga. Kupemphera mokweza sikunali kwawo. Akawapatsa kuti atsogolere kolona ankayamba bwinobwino, pakati nkusochera, mpaka anzawo kuwatola. Akaimba, mawu ngati khasu likukhula pamwala. Koma ukadwala, mtsuko wa madzi unkaupeza pakhomo usanapemphe, woutulayo ali kale m'njira akukalipa kuti pabwalo pako mpauve. Ankakutsuka chilonda uku akukuuza kuti ndiwe chitsiru, unapondanji pachitsa maso uli nawo. Mawa lake nkubweranso ndi phala.

Amayi a bungwe la kukapela anali ndi kapulana yawo, yoyera, m'mbali mwa buluu, pakati nkhope ya Mariya. Padiri ankaiwaza madzi odalitsa, mayi nkulumbira atagwada. Imeneyo siibwerekedwa, siipita kumunda kapena pamtondo, siiberekera mwana, ndipo tsiku lako lomaliza amakukulunga momwemo. A Guilhermina yawo ankaikonda kuposa a Abílio, ndipo ankanena zimenezi a Abíliowo ali pomwepo.

Nkhondo itakula, padiri anachoka. Amfuti akalowa m'mudzi ankatenga mbuzi, mchere, mapoto, pomaliza nkukuvula pomwe waimapo. A Abílio anawatenga kukasenza katundu, sanabwerenso. Anthu anabwerera ku chiwondo, nsalu ya makungwa ija makolo anaisiya kalekale, ena nkumavala masaka. Amayi a bungwe anapinda makapulana awo, kuika m'miphika, kumata dothi pakamwa, nkukwirira. Wa a Guilhermina unali pansi pa nthochi. Iwo nkumayenda ndi chiwondo chokanda m'chiuno, mtima uli m'malo kuti pakufa pokha adzaoneka ngati munthu.

Ndiye panali Ofélia, mwana wa mnansi wawo amene anali atamwalira. Amfuti anamutenga akuchokera kumadzi ali namwali, nkukakhala naye ku baze, msasa wawo wakutchire. Dzinja lina anangotulukira, atavala kasaka kosafika ndi m'mawondo momwe, khanda lili m'manja. Za bambo wa mwanayo palibe anafunsa. Analowa m'nyumba ya malemu amake, yopanda ndi chitseko chomwe, osatulukanso chifukwa cha manyazi.

Mwanayo ankatsegula m'mimba, liwombo litalowa, nkhope ngati ya nkhalamba. Mizu inalephera. Chipatala chinali kutsidya kwa Ruo, ku Malawi. Koma Ruo wadzinja madzi ake ndi a m'chifuwa, ndipo anthu ankawoloka atagwira chingwe ndi manja onse awiri. Mwana ayenera kumangidwa kumsana, m'mwamba pafupi ndi khosi. Chiwondo chikanyowa chimanyenyeka, kasaka kaja kanali kofumbwa. M'mudzi monse nsalu yolimba inali pansi pa dothi basi.

Amayi a bungwe anabwera kudzapemphera, mkulu wawo a Palmira ali patsogolo. A Palmira sanali munthu woipa ayi. Ndi amene anawagwirira a Guilhermina mwana paubatizo, ndiye ankaitanana akumadiri. Pemphero linkawakhala, akayamba ngakhale nkhuku zinkakhala chete. Anagwada pabwalo, anaimba, anamuuza Ofélia kuti alimbe mtima, Mulungu sagona, aona chochita. Ofélia ali mkatimo ankangoti Ameni, atadziphimba pachifuwa ndi dzanja.

A Guilhermina anagwada kumapeto, maso osatseka. Pakhomo paja ankaona kamwendo ka mwana kali lende, osagwedera ngakhale ntchentche itera. Kolona isanafike ndi pakati pomwe ananyamuka. Anzawo anayesa kuti apita kuthengo.

Anabwera mphika uli pamutu, matope mpaka m'zigongono. Anautula pakati pa anthu opempherawo, nkugogoda dothi lija ndi mwala. Nsalu inatuluka ikununkha chinyezi, koma ili mbee.

"Akumadiri, imeneyo mukupita nayo kuti?" anafunsa a Palmira.

"Ku Malawi."

A Palmira anaima. Anawakumbutsa za lumbiro. Anati mwanayo ngotsegula m'mimba, make si wa bungwe, ndi ukwati womwe alibe. Anafunsa kuti iwowo pakufa adzavala chiyani, nanga padiri akadzabwera adzayankhe ndani. Sankalalata, ankalankhula ngati munthu amene akuletsa mnzake kugwira moto.

A Guilhermina zinawalowa. Anaiyang'ana nkhope ija, nkudziona okha atakulungidwa m'mphasa ngati fodya wopita kumsika, anzawo onse atapita oyera. Zinawawawa, tisanamizane.

"Ndidzayankha ndine," anatero. "Inu pitirizani kolona, musaisiye panjira."

M'nyumbamo Ofélia anakana. Anadzikanikiza kukhoma, akuti iye ngodetsedwa, zimene zinamuchitikira ku baze sizingayandikane ndi nsalu yodalitsidwa, imuwotcha. A Guilhermina anamuuza kuti zopusazo akanene kutsidya, kuno nthawi palibe.

"Werama, mwana iwe. Usandichedwetse."

Anamuika mwana pamsana, kumukweza m'mwamba, kukulunga nsalu mwakuti mbali ina igwe mpaka m'mawondo, mtsikanayo abisike. Atatuluka naye panja, amayi onse anagwira pakamwa. Nkhope ya Mariya inali itagwera pamatako penipeni pa mwana.

"Bwanji osaitembenuza, akumadiri," anatero a Palmira mawu ali pansi, "nkhopeyo isakhale pamenepo."

"Mariya analerapo mwana. Zimenezi akuzidziwa kuposa inu ndi ine."

A Palmira anatenga kolona yawo, nkuikoleka m'khosi, nkubwera kudzamasula mfundo ija, akuti kamangidwe kameneka nkaulesi, mwana angatsetsereke pakati pa mtsinje. Anaimanganso okha, kukoka mpaka Ofélia anabuula.

Pamtsinje anapeza a Gregório ndi anzawo, anthu amene ankazemba kukasinthanitsa nyemba ndi mchere ku Malawi. A Guilhermina anawagwira pamkono a Gregóriowo nkuwauza kuti mtsikanayu akakokoloka, nawonso asabwerere kuno. A Guilhermina anatsala kugombe, poti madzi akuya ankawaopa chibadwire. Anaona Ofélia akulowa, madzi m'chiuno, madzi m'chifuwa, kamutu ka mwana kokha kali pamwamba. Pakati penipeni anaterereka, chingwe chinagwedezeka, a Guilhermina pemphero lonse linathawa, anangotsala ndi dzina la Mariya lokha. Kenaka nsalu yoyera ija inakwera gombe lakutsidya, ikudontha. Ofélia sanacheuke. A Guilhermina anati mwana wopanda mwambo, uku akupukuta m'maso ndi chigongono chamatope.

Amayi a bungwe anagwirizana kuti a Guilhermina asamakhale nawo pamzere mpaka padiri adzaweruze. Iwo sanatsutse. Chimene chinkawadya ndi cha mwana. Anthu amchere akamabwera ankawadikira pagombe, ndipo yankho linali lomwelo, kuti kutsidya othawa nkhondo achuluka ngati nyerere, munthu mmodzi ungamuone bwanji. Anaonda, kukalipa komwe kunachepa, anthu mpaka kuda nkhawa.

Mvula itayamba kukata, a Gregório anawoloka thumba lili pamutu, akuseka asanafike ndi pamtunda pomwe. Anati amupeza Ofélia pamsasa wa othawa, kuseri kwa chipatala. Mwana ali moyo, akuyamwa mochita kuluma, masaya ayamba kubwerera.

"Nanga nsalu?"

A Gregório anakanda m'mutu. Anati anaiona itayanikidwa pampanda, koma simungaidziwe. Yasanduka yachikasu, ndipo mbali ina anang'ambako matewera.

A Guilhermina anakhala pansi pamchenga, nkuyang'ana madzi. Kenaka anamina, kudzuka, kudzikuntha.

"Yachikasu. Ndiye kuti mtsikana ameneyu ndi kuchapa komwe sadziwa."

Anakwera mtunda chothamanga, chiwondo chikukhula m'miyendo, akuitana a Palmira asanafike ndi pabwalo pawo pomwe.