A Chibini ndi Chijeremani Chawo

Alamu anga, akulu awo a amuna anga, si munthu woti mungamuseke pamaso. Kuseri ndiye timaseka mpaka nthiti kuwawa. Ndi mphunzitsi wa Chijeremani ndi mbiri yakale pa sukulu ina yapulaiveti, ya ana aja angoyamba kumera ziphuphu. Ndati ndi mphunzitsi wa Chijeremani? Pepani, anali.

Chilankhulocho anachitola ali mnyamata, akunyamulira zikwama injiniya wina wa ku Jeremani amene ankakonza mapampu a madzi. Bwanayo pochoka anawasiyira dikishonale yothothoka chikuto ndi jekete lalitali la nyengo yozizira. Kenako anadzipanikiza ndi mabuku, analemba mayeso, anakhoza. Ku Jeremani kwenikweniko phazi lawo silinapondeko, koma mukawamva akufotokoza za khoma lija linadula mzinda wawo waukulu pakati, mungati njerwa zake ankaumba ndi iwo.

Dzina loti Chibini linabadwa tsiku loyamba m'kalasi. Analowa atavala jekete lija kunja kukuotcha, anadziguguda pachifuwa n'kuyamba kuti, "Ich bin..." Kwa eni akewo akuti mawu amenewa amatanthauza "ine ndine". Koma makutu a ana athu anamva "ichi bini". Munthu wamkulu kudziloza yekha n'kumati ichi bini! Pofika nthawi yopuma, sukulu yonse inali itadziwa kuti kwabwera chotayiramo zinyalala chomanga tayi. Iwo anazimva, anangomeza. Ana oyambawo anakula mpaka kukwatira, dzina linatsala.

Ntchito ankaigwira, pamenepo sindingawanamizire. Chipinda chawo chinali chakumapeto, moyandikana ndi zimbudzi, zenera limodzi lotseka ndi katoni. Pophunzitsa za khoma lija ankaunjika madesiki pakati pa kalasi, ana ena uku ena uko, osalankhulana mpaka belu litalira. Atsikana ena ankachita kulira. Kunyumba akazi awo ankadandaula kuti ngakhale posamba bambowo amakhala akukhosomola mawu ngati munga wawaima pakhosi.

Mwini sukulu atamwalira, mwana wake anatenga mpando. Kamnyamata konunkhira perefyumu, foni kukhutu nthawi zonse. Kanati chipinda cha alamu kakufuna kuikamo makompyuta.

"Madala, Chijeremani chanuchi chimadyetsa ndani?"

"Bwana, chimatsegula mutu wa mwana."

"Chabwino. Pa msonkhano wa makolo atsegule mituyo tione. Makolo akachifuna, chikhala. Akakana, mundipatse makiyi."

Alamu anayamba kuonda. Anakonza zoti mwana aliyense adzaime kutsogolo n'kunena m'Chijeremani kuti iye ndi ndani. Madzulo aliwonse ankawatsalitsa, kuwaphunzitsa kufinyira "ich" uja kukhosi, osamupachika "i" kumapeto. Ine ndinawalangiza.

"Alamu, bwanji angoimba kanyimbo basi?"

"Mlamu, kodi sukulu munalekezera pati?"

Ndinawasiya apitirize zawozo.

Tsikulo holo inadzaza. Ndinalipo, poti mwana wanga wachiwiri amaphunzira komweko. Mtsikana woyamba anaimirira, anaona khamu lija, zonse za kukhosi zinamuthawa. Anadziloza n'kufuula kuti, "Ichi bini!" Mawu otsatirawo palibe anawamva. Wachiwiri chimodzimodzi. Anyamata akumbuyo ataona kuti mapewa a anthu ayamba kugwedera, anathira mchere, kudzimenya pachifuwa ngati ng'oma.

Mayi wina wa wigi yofiira anadzambatuka.

"Aphunzitsi, ine ndimapsa ndi dzuwa pamsika kuti mwana wanga azidzitcha bini?"

"Mayi, khazikani mtima pansi. Tanthauzo lake ndi lakuti ine ndine..."

"Tikukudziwani kale kuti ndinu ndani!" anakuwa bambo wina kumbuyo.

Holo yonse inafa ndi phwete. Alamu anathamangira pa bolodi kuti alembe, choko chinathyoka. Anatola kachidutswa, anapitiriza kufotokoza kwa anthu amene ankapukuta misozi ya kuseka. Mwana wa mwini sukulu sanavutike n'kufunsa kuti akufuna ndani, akukana ndani. Anangotambasula dzanja, makiyi anagweramo.

Ntchito sanawachotse, chifundo chake ndi chimenecho. Anawasiyira mbiri yakale yokha, m'makalasi a eni ake, kuyendayenda ndi mabuku m'khwapa ngati wogulitsa mankhwala a makoswe. M'chipinda chija makompyuta anafikamo ndithu, ali pheee okutidwa ndi nsalu, kudikira wodziwa kuwayatsa. Woyamba kulembetsa kumeneko anali mwana wawo wamkazi, amene ankamulankhula Chijeremani kuyambira ali kumsana. Akuti anatopa n'kusekedwa.

Dzulo ndinawapeza pakhonde akuchonga mayeso, magalasi atatsikira pamphuno. Ndinati ndiwasangalatseko.

"Alamu, tandiphunzitsaniko. Zikhala bwino, m'Chijeremani amati chiyani?"

Sanadzutse mutu.

"Kafunseni kompyuta, mlamu."

Cholembera chofiira chija chinapitiriza kukhwatcha.