Maola Asanu a Atelala

Atelala a pakhonde la sitolo ya njinga anasoka zaka makumi atatu, ndipo palibe anawabwezera thalauza kuti lafupika. Ankakhulupirira manambala kuposa anthu. Munthu akati chiuno chake ndi 32, iwo ankamuzunguliza tepi n'kulemba 38 pakhoma ndi choko, mwiniwake akuona. Kuuma mutu anali nako, tisabise.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, namwino, atapeza ntchito kutsidya kwa nyanja, atelala anaitanitsa tikiti yake ya ndege kuti aione, n'kuvala magalasi. Kunyamuka 8 koloko m'mawa, kufika 1 koloko masana, tsiku lomwelo.

Anatembenukira akazi awo. "Maola asanu basi? Nanga inu mayi mukulira chiyani? Basi ya kumudzi imachedwa kuposa pamenepa."

Zaka ziwiri zinatha akucheza naye pafoni Lamulungu lililonse, osafunsako kuti kumeneko nthawi ili bwanji. Afunsirenji, poti anadziwerengera okha?

Akazi awo atayamba kudwala chiwindi, atelala analetsa nyumba yonse kumuuza mwanayo. "Angosiya ntchito pachabe. Zikavuta ndimuimbira m'mawa, madzulo ali pano." Mlamu wawo anawachonderera kawiri, koma zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Lachinayi masana dokotala anawaitanira pakhonde la chipatala n'kuwauza kuti aitane ana, chifukwa za mawa sangalonjeze. Atelala anaimba foni ataima padzuwa lowotcha paliwombo.

"Bambo, kwagwanji? Kuno sikunache n'komwe."

"Sikunache bwanji? Amayi ako ali kayakaya. Kwera ndege, tikudikira madzulo ano."

Mwanayo anayamba kulira. "Madzulo ano? Bambo, ndi makilomita oposa 11,000! Maola khumi ndi atatu m'mwamba mokhamokha. Ndege yake inyamuka kuno kukada. Ndifika mawa madzulo."

"Koma tikiti ija inati asanu! Ndinawerenga ndekha!"

"Wotchi ya kuno imatsalira maola asanu ndi atatu. Pa tikiti amalemba nthawi ya kumene ukufika. Ayamba liti kudwala?"

"Miyezi inayi."

"Inayi? Bambo!"

Atelala anagwira kukamwa. Anakhala pansi pomwepo pasimenti, bambo wamkulu ndi jekete lake, anthu akuwalambalala. Anachita mantha amene sanawamvepo chibadwire, ndi manyazi omwe, chifukwa panalibe wina womuloza chala.

Atalowa m'wodi anapeza akazi awo ali maso, akuyang'ana kukhomo.

"Mwamuimbira? Afika lero?"

Anafuna kunama, koma lilime linakana. Anawafotokozera zonse, za wotchi, za maola. Mayiwo sanawakalipire. Anangoyang'ana kudenga, milomo ikuyenda, akuwerenga ndi zala pabulangete.

"Mpaka mawa madzulo? Kutalitu, bambo." Anatseka maso. "Tandipatseni madzi. Ndiyesa."