Belu la Maliro Popanda Womwalira

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mchemwali wanga, mphunzitsi ku Chintheche, atatopa kundiona ndili khale pakhonde. Komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi inkafuna munthu wochenjeza anthu mtsinje ukamadzaza. Ine mwana wa ku Dedza, wosadziwa n'kusambira komwe, ndinavomera.

Anandipatsa jombo, wenzulo ndi chimkuzamawu cha mabatire. Kumtunda kunali mnzathu woyang'ana mlongoti wozikidwa m'madzi, wopakidwa utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira. Mayi Nyirenda, otiyang'anira, anandiuza mawu amodzi: "Akakuimbira kuti madzi afika pofiira, usayang'ane kumwamba. Thamanga."

Foni inalira tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo: madzi afika pofiira. Mvula inagwa kumapiri, ku Chintheche kuli gwa. Nthawi imeneyo azimayi anali kudambo, akuvuula chinangwa cha kondowole m'maenje a m'mbali mwa mtsinje. Pakati pawo panali NyaChirwa, mayi wachikulire amene ankandipatsa usipa ulere.

Chimkuzamawu chinangoti khoo, n'kuzima. Mabatire atsopano tinapempha kuboma kalekale, osabwera. Ndinatsetsereka ndikuliza wenzulo.

"Madzi akubwera! Thawani!"

NyaChirwa anayang'ana kumwamba n'kuseka. "Ada, maji ndi dzuwa ili? Chinangwa changa ndisiyire nkhumba?"

Ndinathamangira kutchalitchi cha pachitunda, ndinagwira chingwe cha belu. A Mphande, mkulu wa mpingo, anandigwira mkono.

"Mwana iwe, belu si chidole!"

Ndinawafotokozera wefuwefu. Anayang'ana kudambo, kenako anandilanda chingwe chija.

"Ukaliimba mofulumira aziti ndi ana akusewera. Leka."

Analiimba kamodzi, n'kudikira. Kamodzinso, n'kudikira. Kuimba kwa maliro.

Kudambo mitu inadzuka. Kuno maliro sazengereza nawo. Azimayi anasiya mabeseni, nayamba kukwera chitunda, ena atayamba kale kulira. NyaChirwa ndiye anali womalizira, akutsimphina. Asanafike n'komwe pabwalo tinamva mkokomo. Madzi ofiira, odzaza zitsa ndi nthochi, anakwirira maenje onse aja.

NyaChirwa sanacheuke. Anagwira malaya a a Mphande.

"Wafwa ndiyani, ada?"

"Palibe, ama. Mukanakhala inu."

Mabatire anabwera mvula itatha. Mpaka lero ndikafika pamudzi wachilendo, ndisanatulutse zipangizo zanga, ndimayamba ndafunsa chimene chimawadzutsa anthu ake n'kusiya chakudya pansi.