Khutu pa telefoni, khutu pa buku

Dzulo mdzukulu wanga anaimba kuchokera ku Tete pa telefoni yoonetsa nkhope. Ine ndinaiika kukhutu, mwanayo n'kumangoona khutu la agogo ake.

Ndinakumbukira malemu amayi. Anayamba kuphunzira kuwerenga imvi zitatuluka kale, pa buku la nyimbo lonunkha utsi. Ankaliweramira pafupi kwambiri, milomo ikugwedera, ndiye ine ndinkayesa kuti bukulo limawanong'oneza. Akapita kumunda ndinkagunditsapo khutu, koma kunali zii. Tsiku limene anawerenga mzere wathunthu pa Misa ku Nsadzo, thupi langa lonse linachita tsemwe. Lero ndikudziwa kuti buku silinkanena kanthu, amayi ndiwo sankagonja.

Anzanga oyandikana nawo nyumba, a Fulujensio, atamva za telefoniyo anaseka: "Achimwene, khutu lanulo laphunzira mokwanira. Bwerani mawa tiphunzitse maso, mumuone mdzukuluyo."