Chimphona Chimene Ndinachitcha Dzina la Alamu

Fungo la petulo wa jenereta likangondipeza, ndimabwerera m'kanyumba ka vidiyo ka pamsika wa kwathu ku Nkhulambe. Malata ake ankatentha ngati chiwaya, mawindo atatsekedwa ndi matumba a feteleza, mkatimo mukununkha thukuta, zitumbuwa ndi makoko a nzimbe. Inali nyengo yothyola nandolo, ine ndili Fomu 1.

Mwini vidiyo anabweretsa filimu ya Chingerezi yosamasuliridwa. Nkhani yake inachokera m'buku lakalekale limene ndinaliwerengapo kusukulu, lothothoka chikuto: amalinyero asochera pachilumba cha mfumukazi ina, ndipo mfumukaziyo ili ndi chimphona chomangidwa unyolo chimene chimaigwirira ntchito. Ataona kuti anthu akungoyasamula, mwini vidiyo anandikhazika pakreti kutsogolo kuti ndizimasulira. Kunali kumusiyira nyani munda wa chimanga.

Chaka chomwecho achemwali anga, a Esinati, anali atakwatiwa, ndipo alamu, a Dinesi a ku Jenala, anabwera kudzakhala pakhomo pathu chikamwini. Anali munthu wamtali, wa mapewa ngati chitseko, wosalankhulalankhula. Kusanache ankakwera phiri kukatola nkhuni, potsika n'kulowa m'munda wa amayi. Akakumana ndi amayi panjira ankapatukira kutchire n'kunjuta, nkhope atalozetsa kumbali, monga umafunira ulemu wa pa chipongozi. Amayi sankawalankhula pamaso. Ntchito zonse ankawatuma kudzera mwa ine.

Tsono chimphona cha mufilimu chinkagwada chimodzimodzi, nkhope kumbali. Mukanakhala inu mukanatani? Mfumukazi itatsegula pakamwa, ine ndinakweza mawu m'mphuno ngati amayi: "Kawauze alamu ako kuti udzu wa padenga sudzimweta wokha." Chimphona chitadzuma, ndinachiyankhulitsa Chichewa cha a Dinesi, chopendekera ku Chilomwe: "Chabwino, amayi, ndamva." Benchi lakumbuyo linagwa ndi anthu ake. Amayi ena ogulitsa tomato anatuluka akupukuta misozi, n'kubwerera ndi anzawo.

Filimuyo inakhala milungu ingapo osaichotsa. Ana a m'mudzi anayamba kutsatira alamu akamatsika ndi mtolo, akukoka zitini pachingwe kuti zizilira ngati unyolo. Iwo sankatembenuka. Achemwali anasiya kupita kumjigo nthawi imene kumakhala anthu.

Tsiku lina la msika masana, ndili pakati pomasulira, ndinaona mutu wotalika kuposa yonse pafupi ndi chitseko. Anthu anayamba kukodolana. Anali alamu, koma kreti ija inali ufumu wanga, ndipo sindinasinthe liwu ngakhale limodzi. Mfumukazi inawatumabe udzu. Kumapeto, pamene chimphona chimadula unyolo n'kuyenda kulowa m'nyanja, nthabwala zinandithera.

Potuluka anandikweza pakaliyala ya njinga yawo. Tinayenda mtunda fumbi likutilowa m'mano, msana wawo ukununkha utsi ndi utomoni wa nkhuni.

"Alamu," anandifunsa osacheuka, "chimphona chija chimapita kuti?"

"M'buku amati chinabwerera kwawo."

"Oho. Chinali ndi kwawo, eti."

Nandolo atalowa m'matumba, kunabwera amalume a alamu kudzapempha chitengwa. Amayi anakana, anadandaula za munda, koma achemwali anali atamanga kale ziwiya zawo m'chitenje. Anapita ku Jenala pa njinga yomwe ija. Amayi anaima pafupi ndi nkhokwe mpaka fumbi linatha, kenako anandiyang'ana. Nkhwangwa ya alamu inali itatsamira khoma. M'mawa mwake amene anakwera nayo phiri ndinali ine.

Kupepesa sindinapepese, ndipo mukandigulira sobo lero ndikhoza kukuchitirani mawu a mfumukazi mpaka mugwe pansi. Chimandilasa n'chakuti mwana woyamba wa achemwali anabadwira kutali, amayi n'kumuona atayamba kale kukwawa. Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti alamu anathawa kuseka kwa anthu, ndipo mwakachetechete ndinkanyadira mphamvu ya pakamwa panga. Pano ndikamakumbukira mawu amene ndinkaika m'kamwa mwa mfumukazi ija, sindipezamo amene ndinapeka. Onse ndinali nditawanyamula kale ndekha, kuchokera kukhitchini kupita kumunda.