Kutsikira ku Bwanje ndi Msana Wosokedwa

Ndinanyamuka pa Biriwiri itangokwana sikisi koloko m'mawa, Lachiwiri lina m'mwezi wa Ogasiti, nkhungu itakuta mapiri. Kanali koyamba kukwera galimoto ndekha chichitireni opareshoni ya msana mu Januwale. Madokotala ku Blantyre anachotsa kanyama kamene kankapanikiza mtsempha m'chiuno mwanga, ndipo ululu wotsikira kumwendo unatha. Chimene sichinathe ndi mantha. Miyezi isanu ndi iwiri ulendo wanga unali wochoka pabedi kufika pakhonde, benchi yanga ya tomato ndi kabichi pamsewu nditawasiyira alamu anga. Mayi wa mafizo, wophunzitsa odwala kulimbitsa thupi kuchipatala, anandiuza mosapsatira kuti ndikapitiriza kugona, mwendo wamanja ufooka mpaka ndidzalephera kukwera ndi sitepe yomwe.

Amene anandikoka ndi a Nachisale, mlimi wa mpunga wa ku Bwanje. Mabedi athu anali oyandikana m'wodi, opareshoni yathu imodzimodzi, koma iwo ndi aakulu kwa ine ndi zaka khumi. Atamva pafoni kuti ndikungokhala, sanandilalikire. Anangoti, "Bwerani mudzandione, a Nangozo. Koma mubwere nokha."

Bambo akunyumba anandiperekeza mpaka pamsewu, chikwama chili m'manja mwawo, nkhope ngati akuperekeza maliro. Minibasi itaima, kondakitala analoza kumbuyo.

"Achimwene, msana uwu ndi wosoka," ndinatero. "Kumbuyoko mukanditsitsa zidutswa."

Bambo wina wa jekete amene anakhala kutsogolo anatsika n'kundipatsa mpando wake. Ndinalipira zikwi zitatu za pa Ntcheu. Dalaivala, atamva nkhani yanga, anayamba kukwera mahampu ngati akuponda pa mphasa ya apongozi, mpaka mayi wina kumbuyo anafunsa ngati tanyamula mazira.

Seveni koloko inatipeza pa depoti ya Ntcheu. Basi ya ku Balaka inali ndi anthu anayi okha, ndiye m'malo mokhala ndinachita zimene anandilangiza a mafizo, zoti ndisamakhalitse pampando. Ndinayamba kuzungulira basiyo pang'onopang'ono. Ulendo wachitatu, mayi wogulitsa mandasi analephera kupirira.

"Mwataya chiyani, amayi? Tikuthandizeni kufuna."

Nditawafotokozera anaseka, nandipatsa mandasi awiri pa mtengo wa limodzi, akuti lachiwirilo ndi la msana.

Kuchoka pa Ntcheu msewu umangotsika. Juzi ndinavula tisanafike n'komwe pa mphambano ya msewu wa ku Salima, pafupi ndi Chingeni, pamene ndinatsika cha m'ma hafu naini. Apo ndinakwera kagalimoto ka matola, anthu asanu ndi atatu ndi thumba la nsomba zouma. Titangodutsa pa Bilila, tayala linagwera m'dzenje ndipo china chake chinandibaya m'chiuno. Ndinapempha dalaivala kuti aime. Ndinatsika, ndinagwira chitseko, n'kuima njii kudikira kuti ululu uja utsikire kumwendo monga unkachitira kale. Ndikanaumva kumwendo, ndikanabwerera pomwepo. Ndinadikira. Ululu unakhala pamalo amodzi, kenako unayamba kuzilala ngati khala lothiridwa phulusa.

"Tipite?" anafunsa dalaivala.

"Tiyeni," ndinayankha, n'kukweranso.

Pa Bwanje tinafika hafu leveni, dzuwa likuswa mtengo. Ife a kumapiri kutentha kotere timangokumva kwa anthu. Akabaza anandizungulira ndi njinga zawo, koma a Nachisale anali atandichenjeza kuti njira ya kwawo ndi ya mabampu, kuli bwino ndiyende wapansi. Anati ndikhote pa mlambe waukulu, nditsate ngalande ya madzi, ndikatopa ndipume.

Ndinapuma kanayi. Kachiwiri kanali pansi pa mtengo wa mango, pamene mayi wina wokankha njinga yosenza thumba la mpunga anaima n'kundigawira thobwa la m'botolo lake. Nditamufunsa njira, anawadziwa a Nachisale. "Aja amalima ataimirira aja? Pitirirani, simuwasowa."

Nditakwera kamtunda kotsiriza, ndinaima osati chifukwa cha kutopa. Kumbuyo kwanga dziko lonse linali louma, udzu wopserera, fumbi. Kutsogolo kwanga kunali mpunga wobiriwira kuyambira pamapazi anga mpaka pamene maso analekezera, madzi akunyezimira pakati pake, akakowa oyera akuyenda m'menemo mosatekeseka. Chakumadzulo kunaima mapiri, ataliatali, obiriwira modera. Zinanditengera kanthawi kuti ndizindikire kuti kumwamba kumeneko ndiko kwathu, kumene ndinadzuka m'mawa womwewo. Zaka makumi asanu ndakhala pamwamba pa mapiri amenewo osadziwa kuti ndi aakulu chonchi.

A Nachisale ndinawazindikira ndi kaimidwe. Anzawo onse anali atawerama, iwo ali chilili, khasu la mpini wautali kufika pachifuwa lili m'manja, akutsegulira madzi m'munda. Atafuna kutola kanthu pansi, anapinda mawondo, msana uli wowongoka, n'kudzukanso osagwira paliponse. Ndinawayang'ana kukamwa kuli yasa. Awa ndi mayi amene m'wodi muja ankalira anamwino akamawatembenuza.

"Mwayenda wapansi kuchokera pamsewu?" anafunsa titapatsana moni.

"Ndayenda."

"Amenewo ndi makilomita atatu, a Nangozo."

Ndinakhala m'mbali mwa ngalande, mapazi ndinaviika m'madzi, misozi ikungotuluka yokha. Iwo anandisiya ndilire. Kenako anati, "Musaganize kuti ndinachira zonse. Phazi ili likadali ndi dzanzi. Mtolo pamutu ndinasiya, kuwokera mpunga ndinasiyira ana. Masiku ena msana umandikana, ndimamvera. Koma m'mawa ndimayamba ndi mafizo aja, kenako ndimabwera kuno. Ndikagona masiku awiri, ndiye pamene umapweteka zenizeni."

Tinabwerera kunyumba kwawo limodzi, iwo patsogolo ine pambuyo, theka lina la kilomita limene sindinaliwerengere n'komwe. Tinadya mpunga wa m'munda womwewo ndi nyemba, fungo lake lokha lokhutitsa.

Miyezi yonse ija ndinkausunga msana wanga ngati mbale yong'aluka, yoti ikangokhudzidwa isweka. Ku Bwanje ndinaona kuti chimene madokotala anasoka chinagwira kalekale, chinkangodikira mwini wake. Ndikusamba m'manja, a Nachisale anati mawa tidzuka molawirira, dzuwa lisanakwiye, chifukwa mawanso ndi tsiku lawo lolandira madzi m'munda.

"Makasu a mpini wautali ndili nawo awiri," anatero.